Kulondola mbiri ya wachibale amene anamwalira kalekale: mafunso ndi mayankho

Kwathu kunali munthu amene tinkangomumva m'nkhani: achimwene awo a agogo anga aakazi, amene ankagwira ntchito ku njanji ku Limbe. Aliyense ankangoti "a ku Njanji". Chaka chimene anamwalira ndi kumene anagona, mwa ife achinyamata panalibe wodziwa. Ndinatha miyezi ndikulondola, ndipo chiyambire pamenepo anthu amandikokera pambali, kutchalitchi ngakhale pa siwa, kufunsa kuti ndinayenda bwanji. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndiye ndawaika pamodzi. Ndikuyankha ngati munthu wa mu Blantyre muno.

Ndikufuna nkhani ya imfa yawo imene inatuluka mu nyuzipepala. Ndiyambire pati?

Yambani mwadzifunsa ngati inatulukadi. Ambiri maganizo amenewa tinawatengera pa intaneti, pomwe anthu a ku America amangolemba dzina la agogo awo, nkhani ya imfa n'kutulukira. Kumeneko ngakhale mlimi wamba ankalembedwa mu nyuzipepala ya m'tauni mwake. Kuno amene ankalembedwa ndi nduna, mafumu akuluakulu, abusa odziwika, oimba ndi akatswiri a mpira. Mmisiri wa ku njanji ayi.

Komatu mbiri yake inalembedwa. Mukudziwa nthawi ija pa maliro, amfumu ndi oimira banja atatha kulankhula, wina amaimirira ndi kapepala kothothola mu kope: malemu anabadwa chaka chakuti m'mudzi mwa akuti, anaphunzira kwakuti, anayamba kudwala mwezi wakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Nkhani mukuifunayo ndi imeneyo. Tsoka lake n'lakuti mwambo ukatha kapepalako kamalowa m'thumba la jekete, n'kukachapidwa pamodzi ndi jeketeyo. Zimene zimatsala ndi zidutswa: mzere umodzi mu kaundula wa mpingo, tsiku lolembedwa pa chiliza, kope la chipepeso, ndi zimene akukumbukira amene anagona pa siwa. Ntchito yanu ndi kutola zidutswa zimenezi.

Ndili ndi dzina lokha. Likwanira?

Silikwanira, chifukwa mwina muli ndi limodzi mwa maina anayi. Munthu wakale ankakhala ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali kapena kujando, lina la ubatizo, ndi lina limene kalaliki wa kuntchito anamulembera mmene analimvera. Yohane wa kumudzi ndi John wa pa khadi la msonkho, Yakobo ndi James. Dzina lachiwiri nalo silinkakhazikika. Wina ankatenga dzina loyamba la bambo ake, mng'ono wake n'kutenga la amalume amene ankamulipirira sukulu, wachitatu n'kumalemba mfunda, Phiri kapena Mbewe. Ana a bere limodzi, koma pa pepala mungati ndi alendo.

Kalembedwe nako kanasintha. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa asanasinthidwe mu 1973, mabuku ambiri a mishoni ankalemba c pamene ife timalemba ch, choncho dzina loyamba ndi Chi mukalipeza lili Ci. L ndi r ankasinthanasinthana mmene wolemba wafunira. Maina a malo musawaiwale: Thyolo inali Cholo, Mulanje inali Mlanje, Nsanje inali Port Herald, Mangochi inali Fort Johnston, Mchinji inali Fort Manning. Kunja, Harare inali Salisbury, Chipata inali Fort Jameson, Kabwe inali Broken Hill. Lembani maina onse a munthuyo pa tsamba loyamba la kope lanu, kuphatikizapo mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu ya dera lake.

Palibe amene akukumbukira chaka. Nditani?

Lekani kufunsa chaka. Ine ndinayamba molakwika momwemo. Ndinati, "Azakhali, a ku Njanji anamwalira chaka chanji?" Iwo anangoti, "Iwe mwana, ine za zaka ndizidziwira kuti?" Nkhani ikanathera pomwepo. Tsiku lina tikusenda mbatata pakhonde ndinafunsa kuti pa malirowo anthu ankaponya ndalama zanji m'mbale ya chipepeso. Anaseka, amvekere, "Bambo ako aang'ono anaponya tiki, anthu n'kumawanena!" Tiki inatha ntchito kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971. Nditafunsa ngati azungu anali akulamulirabe, anati ayi, mbendera inali itasintha kale. Ndiye kuti pambuyo pa 1964. Zaka zofufuza zinatsala zisanu ndi ziwiri basi.

Chenjerani ndi mawu oti sheleni, chifukwa akuluakulu anapitiriza kutchula 10 tambala kuti sheleni kwa zaka zambiri ndalama zitasintha.

Zikhomo zina zoti mukolekepo funso: njala ya 1949, imene inavuta kwambiri chigawo chino cha kummwera; nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963; kumangidwa kwa a chipani cha Nyasaland African Congress mu March 1959; kusamuka kwa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975; kubwera kwa Papa John Paul II mu 1989; Napolo wa ku Phalombe mu 1991; riferendamu ya 1993; njala ya 2002. Choposa zonsezi ndi ana. Funsani kuti ndani anali woyembekezera, ndani anali kubere, ndani ankalemba mayeso a sitandade 8. Mwanayo ali moyo, ndipo chiphaso chake chili ndi chaka. Mwezi mumaupeza pofunsa za kumunda: chimanga chinali pati, adzukulu anakumba m'matope kapena m'fumbi, mango anali atapsa?

Ndikafunsa, akuluakulu amatseka pakamwa. Chifukwa chiyani?

Chifukwa munthu wa m'tauni akatulukira mwadzidzidzi n'kumafunsa za akufa, anthu amaganiza zinthu ziwiri: munda kapena mankhwala. Ndipo sakulakwa, chifukwa milandu yambiri ya malo imayamba ndi mdzukulu amene wabwera ndi kope. Dzerani kwa mwini mbumba, nenani poyera kuti simukufuna dimba kapena nyumba, mukufuna ana anu adziwe kumene anachokera. Musapite chimanjamanja: shuga, sopo, mchere. Ulendo woyamba muzingocheza, ndipo foni yojambulira mawu muitulutse pokhapokha mutapempha.

Funsani amayi kuposa abambo. M'midzi yambiri yozungulira Blantyre, kwa Kapeni, kwa Machinjiri, kwa Somba, kwa Kuntaja, mtundu umatsata kuchikazi, amuna amapita kuchikamwini, ndipo amene amakhala pamudzi moyo wawo wonse ndi amayi. Ndiwo anaphika pa maliro onse ndipo amadziwa amene anagona pafupi ndi yani.

Kumanda a kumudzi musalowe nokha. Pitani kwa amfumu, akupatseni munthu woti akuperekezeni. Kumadera a Gule Wamkulu manda ndi dambwe, ndipo kulowamo mwachisawawa ndi mlandu.

M'nyumba ndiyang'ane mapepala anji?

Pemphani kuti akutsegulireni sutikesi ya pansi pa bedi kapena thiranki yachitsulo ija. Choyamba kusaka ndi kope la chipepeso. Pa maliro pamakhala munthu wolemba aliyense amene wapereka, ndi kuchuluka kwake, ndipo mabanja ambiri amalisunga kuti adziwe oti adzawabwezere tsiku la mavuto awo. Pa chikuto pamakhala dzina la malemu ndi tsiku. M'kati muli mndandanda wa anthu onse amene ankamudziwa: a kuntchito, a mpingo, akuchimuna, akuchikazi. Nyuzipepala ingakupatseni ndime ziwiri, kope ili limakupatsani mudzi wathunthu.

Kenako Baibulo ndi buku la nyimbo, masamba oyamba ndi otsiriza. Telegalamu, ngati ilipo, ili ndi chidindo cha positi ofesi chokhala ndi tsiku. Makalata, khadi la ubatizo, khadi la chipani, buku la ku banki, kuseri kwa zithunzi. Maliro a zaka zaposachedwa ali ndi pulogalamu yosindikiza, ena mpaka nsalu kapena malaya okhala ndi nkhope ya malemu ndi zaka zake. Jambulani zonse ndi foni pomwepo, mapepalawo muwasiye kwa eni ake. Mukawatenga mudzadana ndi abale, mukazengereza chiswe chidzakutsogolerani.

Nanga ku mpingo?

Kwa munthu wamba amene anamwalira kale, uku ndiye kodalirika kuposa ku boma. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamalizidwa mu 1891. Providence Industrial Mission (PIM) ku Chiradzulu inayamba mu 1900, a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a Seventh Day anakhazikika ku Malamulo mu 1902. Mipingo imeneyi inkalemba ubatizo ndi maukwati a anthu akuda pa nthawi imene boma linkangowalemba pa nkhani ya msonkho.

Ku CCAP funsani mlembi wa sesoni. Kaundula wa akhristu amasonyeza amene anasamuka ndi kalata, amene anadulidwa, ndi amene anamwalira, ndipo ngati malemu anali mkulu wa mpingo, imfa yake imapezeka m'maminitsi a sesoni. Ngati anali mayi wa Mvano, amayi anzake ali ndi mabuku awoawo. Kwa Akatolika pitani ku ofesi ya parishi ndi dzina la ubatizo, chifukwa la kumudzi silikuthandizani. Msampha waukulu ndi uwu: tchalitchi chimene banja lanu limapemphera lero mwina nthawi imeneyo chinali nthambi chabe. Mabuku akale anatsala ku mpingo umene unabala chimenecho. Ine ndinapita kolakwika kawiri ndisanazindikire zimenezi, ndipo pa ulendo wina ndinadikira tsiku lonse munthu amene anali ndi kiyi wa kabati, osabwera.

Ngati wachibaleyo anali Msilamu, maliro ankaikidwa msanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake, choncho abale akutali ambiri sankafika. Funsani za sadaka ya masiku 40, chifukwa ndi pamene mtundu wonse unkasonkhana. Ashehe achikulire a pa mzikiti wa m'deralo akuuzani zambiri.

Ngati ndikufunabe kuyang'ana mu nyuzipepala, ndizipeza kuti?

Ku Zomba, ku National Archives of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1947. Lamulo limati chilichonse chosindikizidwa m'dziko muno kope lake lizikasungidwa kumeneko. Kwerani minibasi ku Limbe m'mamawa, tengani chiphaso cha unzika, pensulo, ndi ndalama pang'ono. Mu Zomba momwemo, laibulale ya University of Malawi ili ndi gawo la mabuku ndi zolemba za Malawi. Muno m'tauni muli laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House, nyumba ya 1882 ija. Kumeneko n'kothandiza kwambiri ngati wachibale wanu ankagwira ntchito ndi amishoni kapena makampani a nthawi ya atsamunda.

Dziwani nyuzipepala yoti muitanitse. Daily Times ya lero inayamba mu 1895 ndi dzina loti Central African Planter, n'kudzakhala Central African Times, kenako Nyasaland Times. Nthawi imeneyo inali ya azungu a m'maesiteti, ndipo munthu wakuda ankalowamo kawirikawiri pa nkhani ya ngozi kapena ya kukhoti. Malawi News inayamba mu 1959, The Nation mu 1993. Za m'Chichewa ndi za mipingo musazidumphe: Boma Lathu, Odini ya ku Likuni, magazini ya Moni ya ku Limbe, Kuunika ya ku Nkhoma. Mphunzitsi kapena katekisiti amene Times sinamudziwe akhoza kupezeka mmenemo.

Nzeru imene inandithandiza pofufuza wachibale wina ndi iyi: musamangoyang'ana sabata imene munthu anamwalira. Banja lili pa chisoni silithamangira ku maofesi a nyuzipepala ku Ginnery Corner kukalipira malo. Limapita chaka chikatha, kukaika chithunzi pa tsamba la In Memoriam. Ndiye mukadziwa tsiku, tsegulani tsiku lomwelo chaka chotsatira, chachisanu, chakhumi. Pansi pa chithunzi pamakhala maina a akazi awo, ana ndi zidzukulu, nthawi zina ndi kumene akukhala. Yang'ananinso zidziwitso za chuma cha masiye, zimene maloya ndi ofesi ya Administrator General amatulutsa poitana amene malemu anali nawo ngongole. Zimatchula dzina lonse ndi tsiku la imfa.

Popanda chaka musapite. Kutsegula nyuzipepala za zaka khumi tsamba ndi tsamba, maso amachita chidima tsiku loyamba lomwe.

Amati uthenga wake unamveka pa wailesi. Zingandithandize?

Zingathandize, koma kudzera mwa amene anamva. Mafoni asanabwere, Mauthenga Achisoni a pa MBC ndiwo ankasonkhanitsa mtundu, ndipo nyumba zambiri zinkakhala chete nthawi yake ikakwana. Munthu saiwala pamene anali atamva dzina la mbale wake pa wailesi. Funsani: munali kuti, munkagwira ntchito kwa yani, munakwera chiyani popita? Akati "ndinali ndikadali ku esiteti ya tiyi ku Thyolo", mwapeza chikhomo china. MBC inayamba mu 1964, choncho uthenga wa pa MBC sungakhale wa chaka cha m'mbuyo mwa chimenecho.

Anamwalira mu Blantyre. Ndiye kuti anaikidwa muno?

Osati nthawi zonse. Ambiri ankabwera m'tauni kudzagwira ntchito chabe, ndipo akamwalira kampani inkapereka bokosi ndi lole yonyamula maliro kupita kumudzi. Munthu wofera ku Queens, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1958, akhoza kukhala kuti anagona ku Ntcheu kapena ku Phalombe. Ngati anaikidwadi muno, yambani ndi manda a HHI, a CI ndi a Misesa, ndipo mufunse ku khonsolo ya mzinda ku Civic Centre. Lankhulaninso ndi anthu amene amakumba ndi kumanga ziliza pamandapo. Pitani nthawi ya chilimwe udzu utapsa. M'dzinja mungadutse pa chiliza cha agogo anu osachiona.

Tsiku la pa chiliza musalikhulupirire kotheratu. Ziliza zambiri zimamangidwa patapita zaka, ndi ana amene akungokumbukira, ndipo chaka chobadwa nthawi zambiri chimakhala chongoyerekeza.

Chikalata cha imfa cha boma sichingakhalepo?

Kwa imfa zakale, kawirikawiri ayi. Lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa anthu amene sanali akuda, ndipo kwa enafe zinali zongofuna mwini. Kulembetsa aliyense kunabwera ndi lamulo la kalembera la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo amene amayendetsa ndi a bungwe la kalembera la National Registration Bureau (NRB), amene mumawapeza ku ofesi ya DC. Chikalata chakale chimapezeka makamaka pamene panali ndalama zoti zitsatidwe: penshoni, inshuwalansi, nyumba, buku la ku banki. Ngati malemu anali wa m'boma kapena wa kampani yaikulu, funsani amene analandira ndalamazo, chifukwa sakanazilandira popanda pepala.

Wathu anapita kunja osabwerako. Pamenepo pali chiyembekezo?

Machona ndiwo ovuta kwambiri, koma nthawi zina ndiwo ali ndi mapepala ambiri, chifukwa migodi inkalemba chilichonse. Funso loyamba ndi lakuti anapita bwanji. Ngati anadzera pa Wenela, pamene lero pali depoti ya mabasi paja, anapita ku migodi ya ku South Africa pa kontirakiti, ndipo anali ndi nambala. Bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela ndi TEBA, ndipo mukamalemba kalata kumeneko nambala imeneyo ndi yofunika kuposa dzina. Isakeni pa makalata ndi mapepala a ndalama zimene ankatumiza. Kumbukirani kuti Kamuzu anaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo.

Amene anapita ndi Mthandizi, bungwe lina lolemba anthu ntchito zakunja, kapena paokha, ambiri anathera m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe. Akati anafera mu mgodi wa malasha, funsani ngati ndi ngozi ya ku Wankie, Hwange ya lero, ya pa 6 June 1972, imene inapha anthu oposa 400, ena mwa iwo Amalawi. Kwa ena onse, njira yachidule ndi mipingo. CCAP ili ndi sinodi ku Harare imene inayamba chifukwa cha anthu a kuno, ndipo zidzukulu za machona zikadali m'mipingo imeneyo, zina zikusakanso inuyo.

Ngati anali msilikali wa King's African Rifles (KAR) amene anafera ku nkhondo, lembani dzina lake pa tsamba la intaneti la Commonwealth War Graves Commission, n'laulere. Yesani dzina loyamba lokha, chifukwa asilikali ambiri akuda analembedwa ndi dzina limodzi ndi nambala. Pa chipilala cha KAR ku Zomba palinso maina. Atengatenga ambiri amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 sanalembedwe maina n'komwe.

Pa intaneti sindingazipeze ndili pakhomo?

Ngati imfayo ndi ya zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zapitazi, Facebook ikuthandizani: lembani dzina pamodzi ndi RIP kapena MHSRIP, ndipo yang'anani masamba a ana ake pa tsiku lokumbukira. Magulu a WhatsApp a anthu ochokera mudzi umodzi, kapena amene anaphunzira sukulu imodzi, amafulumira kuposa ofesi iliyonse. FamilySearch ndi yaulere ndipo ndi yabwino posungirapo mtundu wanu, koma za Amalawi wamba akale musayembekezere zambiri. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akupezereni fayilo, kapena kuti malemu anasiya chuma kunja chimene chikudikira inu, dulani foniyo.

Zimene ndapeza zikutsutsana. Ndikhulupirire ziti?

Pepala lolembedwa pafupi ndi tsiku la maliro limaposa lolembedwa patapita zaka: telegalamu imaposa chiliza, kope la chipepeso limaposa In Memoriam ya chaka chakhumi. Koma pa nkhani ya ubale, ndani anabala yani, agogo aakazi amaposa kalaliki aliyense. Lembani zonse ziwiri, ndi amene anakuuzani, ndi tsiku limene anakuuzani.

Ndapeza zinthu zimene banja silinkanena. Ndiziulule?

Mudzazipeza ndithu. Pa mndandanda wa ana mudzaona maina awiri amene simunawamvepo. Mbiri idzati "atadwala nthawi yaitali", ndipo aliyense amene anakhalapo m'zaka za m'ma 1990 amadziwa chimene mawu amenewo nthawi zambiri ankaphimba. Ena anatengedwa usiku nthawi ya chipani chimodzi, banja n'kuopa ngakhale kulira mokweza. Maganizo anga ndi akuti mu kope lanu lembani zoona zonse, koma pa gulu la banja musaponye chilichonse musanakhale pansi ndi mwini mbumba. Mkazi wamasiye ndi ana aja akadali moyo, ndipo ndi iwo amene adzayang'anizane ndi anthu kutchalitchi.

Nanga a ku Njanji aja munawapeza?

Mu nyuzipepala ayi, ngakhale mzere umodzi. Ndinawapeza mu kaundula wa mpingo wina wa ku Chiradzulu, pa dzina la ubatizo limene kwathu palibe ankalidziwa, litalembedwa ndi c. Pambali pake wina analemba ndi inki yabuluu mawu amodzi, "anamwalira", ndi mwezi ndi chaka. Chakacho chinagwera m'kati mwa zaka zisanu ndi ziwiri za tiki ya azakhali zija. Amfumu anatipatsa mkulu wina wa adzukulu, amene anatitengera pa mulu wa dothi wopanda mtanda, pafupi ndi chitsa cha mtengo, nati, "Ndi apa, kumutu ndi uku." Azakhali anagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja.

Chiliza timanga mvula ikatha. Mkangano umene watsala ndi wa dzina loti lilembedwe: azakhali akuti la ubatizo, amalume akuti la paubwana. Ine ndangopempha kuti mmisiri asiye malo pansi pake, tilembepo kuti "a ku Njanji".